Galimoto Imene Inapita ku Ukwati pa Chingwe

Bambo wina wa kumapiri a ku Thyolo anali chagada pansi pa galimoto yake, msana uli pa thumba lakale la feteleza, manja atanyamula chitsulo cholemera chimene ankachibwezera m'malo mwake. Thukuta linkamulowa m'maso. Oilo wofiira ankatsetsereka pamkono mpaka m'khwapa. Linali Lachisanu, ndipo m'mawa mwake mwana wake wamkazi, Elube, ankakwatiwa.

Galimotoyo inali yakale kuposa Elubeyo. Bamboyu anagwira udalaivala pa esiteti ya tiyi zaka zambiri, ndipo abwana ake pochoka anamusiyira galimoto ija. Inali yaitali, yobiriwira ngati tiyi wa mvula yoyamba, ndipo inali ya mtundu uja wosintha magiya yokha. Iwe umangoponda moto, iyo imadziwa yokha nthawi yokwera ndi nthawi yotsika. Giyabokosi yake inali yomwe ija inabwera nayo kuchokera kutsidya kwa nyanja. Amakaniko ankamuuza kuti aichotse, aikemo ya pamanja, imene ikakana kulira mumangoikankha basi. Iye ankangopukusa mutu.

M'mawa uliwonse ankailiza n'kuisiya itenthe kaye. Kenako ankasolola kachitsulo koyezera oilo, n'kukapukuta pa kansalu koyera, n'kuyang'ana, n'kununkhiza. Oilo akakhala wofiira ngati madzi a chidede, mtima wake unkakhala pansi. Ndipo ankadziwa lamulo limodzi la galimoto yotere: oilo wa m'giyabokosi amazungulira pokhapokha injini ikulira. Injini ikazima, oilo amagona pansi, zitsulo n'kutsala zouma. N'chifukwa chake galimoto yotere saikankha, ndiponso saikoka ndi chingwe mtunda wautali.

Koma ikamayenda, abale inu! Inkadutsa m'minda ya tiyi nkhungu ili pansi, ngati sikugunda dothi. Giya ikamasintha sumamva kanthu, ngati mpweya wa mwana wogona. Elube ali wamng'ono ankagona pampando wakumbuyo, akuyang'ana nsonga za mitengo zikuyenda pawindo, ndipo tsiku lina ananena ali m'tulo pang'ono kuti akadzakwatiwa, idzamunyamule ndi imeneyi. Bambo ake anavomera. Mawu amenewo ndi amene ankawakumbukira masana a Lachisanu lija ali pansi pa galimoto, oilo akuwadonthera pachipumi.

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Amayi anaikongoletsa galimoto ndi maluwa, Elube analowa ndi diresi lake loyera, bamboyo anapotoza kiyi. Panangomveka kete, kenako zii. Batire linali litafa ndi kuzizira.

Mnansi wake anakwera njinga kukabwereka batire kuchigayo, kutsidya kwa mtsinje. Kupita ndi kubwera, ola limodzi. Koma tchalitchi chinali kutali, akuchimuna anali atafika kale, ndipo ankhoswe anayamba kuyang'ana mawotchi awo. Amayi amene ankaimba pabwalopo anasintha nyimbo, nayamba ina yoseka galimoto.

Alamu ake a bamboyo, amene anabwera ndi lole yonyamula anthu, anayandikira akuseka. "Alamu, gogo wanuyu wafuna ndodo lero. Chingwe ndili nacho. Kutchalitchiko ndani akafunse ngati wabwera yekha kapena womugwira dzanja?"

Elube anatsitsa galasi. "Ababa, musavutike. Ine ndidikira."

Bamboyo anamumva. Lamulo lija ankalidziwa kuposa munthu aliyense pabwalopo. Koma anayang'ana maso a anthu, namva nyimbo ija, manyazi n'kumutentha m'makutu. Anagwada, namanga chingwecho ndi manja ake omwe.

Ulendowo unali wokongola ngati loto. Galimoto inkayandama m'nkhungu yopanda phokoso, maluwa akugwedezeka, lole ikuimba kutsogolo. Othyola tiyi ankaweramuka n'kuimba nthungululu. Aliyense ankati galimoto yakale ikuyenda bwino. Bamboyo yekha ndiye ankamva kakulira kakang'ono pansi pa mapazi ake, ngati udzudzu. Atadutsa pamlatho anamva fungo, ngati nyemba zopserera pamoto. Anagwira chiwongolero, osaimitsa lole.

Anafika nthawi yabwino. Ukwati unadalitsidwa. Kunyumba kuja, mnansi uja anafika ndi batire mapazi a lole asanafufutike ndi mvula.

Batirelo atalipititsa kutchalitchi n'kuliika m'galimoto, injini inalira bwinobwino ngati kale. Bamboyo analowetsa giya, naponda moto. Galimoto sinasunthe. Anasolola kachitsulo kaja, napukuta pa kansalu koyera. Oilo anali wakuda ngati makala.

Amayi anzanga, ndisakuchedwetseni, nonsenu muli ndi ntchito zikukudikirani. Tanthauzo lake ndi ili: kukokedwa si kuyenda. Tilipo ambiri tikuthamanga pa ntchito ya Mulungu mtima uli wozima. Kumaliro tilipo, kukwaya tilipo, kukaona odwala tilipo, chifukwa tikapanda kupita anena chiyani? Oyang'ana m'mbali mwa msewu akutiimbira nthungululu. Koma pemphero silikulira m'kati, mafuta a Mzimu agona pansi, ndipo tikupsa mwakachetechete. Fungo lake ana athu ndi amene amayamba kulimva, pamene mawu athu ayamba kuuma. Mtima ukazima, usamange chingwe. Khala pansi, udikire Mulungu auyatsenso. Ola limodzi limenelo si manyazi. Amene amakukondadi adzanena ngati Elube kuti ine ndidikira.

Bambo uja anafunafuna giyabokosi ya mtundu umenewo ku Limbe mpaka ku Lilongwe. Sinapezeke, chifukwa anasiya kupanga kalekale. Galimotoyo ili pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando umene Elube ankagonapo. Zaka makumi atatu anaisamala, n'kuitaya chifukwa cha ola limodzi. Ndipo tsiku limene Elube anatuluka kuchipatala ndi mwana wake woyamba, agogo ake a mwanayo anapukuta galasi la galimoto monga mwa masiku onse, n'kutenga ndodo yawo, n'kuuyamba wapansi wopita kuchipatalako.