Nkhono ya Pachulu ndi Mtambo wa Chizimalupsa

Ana inu, amene lero mumajambula chilichonse ndi lamya n'kufufuta musanachiyang'ane, imvani za Nyadani Kamtsitsi wa m'tsinde mwa phiri la Chirobwe, amene ankajambula maukwati masiku amene kamera inkadya filimu.

Bambo ake anagonekedwa m'chipatala ku Blantyre, pabedi loyang'anizana ndi khoma. Nyadani atapita kukawazonda, mkuluyo anati, "Mwananga, kumudzi sindibwererako. Koma ndikanakonda kuonanso mtambo wa chizimalupsa ukukwera pa Chirobwe." Chizimalupsa ndi mvula yoyamba ija, imene imatsuka phulusa la tchire lopserera.

Nyadani anabwerera kumudzi filimu yake itatsala chithunzi chimodzi chokha, ndipo pafupi panalibe kogula ina. Tsiku ndi tsiku ankakhala pachulu, kamera ili pamwendo. Mitambo inkasonkhana, yoyera ngati thonje, n'kubalalikanso.

Filipo, mchimwene wa mkazi wake, anamupeza pomwepo. "Alamu, jambulani uwo. Mtambo ndi mtambo. Akuluwo akadziwa bwanji?"

"Akadziwa. Alima pansi pa phirili moyo wawo wonse. Uwo ndi wongodutsa."

"Nanga maso muli nawo pansi bwanji? Mvula ichokera m'chulu?"

Nyadani analoza nkhono imene inadzitsekera m'chigoba chilimwe chonse. "Iyi siipusitsidwa ndi mitambo yabodza. Ikatulutsa maso, inenso ndidzutsa anga."

Filipo anaigogoda ndi kamtengo. "Odi kuno, agogo, tikudikira inu." Nkhono sinatuluke, ndipo Filipo anachoka akuseka.

Tsiku lina masana mphepo inatembenuka, ikununkhira dothi lonyowa, timadontho tikuwaza. Nyadani sanagwedezeke. Pang'onopang'ono nkhono ija inasolola khosi, kenaka tinyanga tiwiri, timaso tili kunsonga. Apo ndi pamene anatukula mutu. Mtambo unali utaima pa Chirobwe, wakuda kunsi, woyera pamwamba, mvula italendewera ngati ndevu, dzuwa likuwalabe pa mapiri opserera. Anadina kamera kamodzi.

Atatsukitsa chithunzicho anakachipereka kwa bambo ake. Mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi womwewo," anatero. "Koma ukawauze amayi ako asabzale. Iyi si yobzalira." Anamwalira chithunzicho chili pamtsamiro.

Filipo ndiye anafotokoza nkhani ya nkhono ija pamaliro, osasekanso, ndipo akuti m'menemo ndi m'mene munachokera mawu akuti: kuona maso a nkhono n'kudekha. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chamtengo sichionekera wochigogoda, koma wochidikira mofatsa.

Ambiri a ife tinaphunzira mwambiwu m'kalasi, tinaulemba pamayeso n'kukhoza, kenaka tinathera zaka zathu m'maofesi opanda mazenera. Dzina la Nyadani silinalembedwe paliponse. Koma iye maso a nkhono anawaona.