Mlenje Amene Anaumira Zipolopolo

Panali munthu wina, dzina lake Wisikesi Nampota. Ndiye anandidulitsa mwendo uwu, chaka chimene tinkalondera njanji kutsidya kwa malire. Ndikumutchula dzina chifukwa akuluakulu sanamutchule pa mlanduwu.

Asanalowe usilikali, Wisikesi anali mlenje. Anakulira pa mfuti ya gogodela ya bambo ake, kumene wonga unali wosowa. Mawu ake anali amodzi: "Chipolopolo chimodzi, nyama imodzi." Poona kuti saphonya, Sajeni anamupatsa mfuti yachiwaya.

Tsiku lina masana adani anatipanikiza padambo. Iwo anali pachitunda, m'miyala. Ife tinagona kuseri kwa chulu. Kutsogolo kunali ngalande, patali ngati kutalika kwa bwalo la mpira. Kufika m'ngalandemo, tapulumuka. Kukhala pachulupo, atizungulira.

Sajeni anati, "Nampota, uwathire moto osalekeza. Sindikuti uphe munthu. Ndikufuna mitu yawo ikhale pansi mpaka anzakowa awoloke."

"Bwana, ndiwombera chiyani? Sindikuona munthu."

"Wombera miyalayo! Zipolopolo zikamalira pamutu pa munthu, sadzuka kuti alunjikitse mfuti. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Oyamba kuwoloka tinali awiri, ine ndi Jalasi, mnzanga wa ku Ntaja. Jalasi anandigunda ndi chigongono nati, "Achimwene, ndi miyendo yanu yaitaliyo, mukandisungire malo."

Chiwaya chinayamba kulira. Tinadzuka, liwiro. Tili pakati penipeni pa dambo, chinaleka.

Inu simudziwa kuopsa kwa bata. Ndinamva mapazi anga m'matope. Ndinamva kupuma kwa Jalasi. Ndinakuwa, "Wisikesi, wombera!" Iye anali atagona bwinobwino, diso pamfuti, kudikira kuti nyama ionekere. Kuwombera miyala kunkamuwawa mtima ngati kutaya ufa pansi.

Nyamayo inaonekeradi. Pachitunda paja mitu inadzuka, mfuti zinatiloza mosapupuluma. Jalasi anagwa chafufumimba, nafera pomwepo. Ine chipolopolo chinandipeza pabondo. Pamenepo Wisikesi anawombera kamodzi, nagwetsa mmodzi. Anzathu ena ndiwo anatsegula moto ndi mfuti zawo zing'onozing'ono, nandikokera m'ngalande.

Kukampu Wisikesi anamuombera m'manja kuti wagwetsa mdani patali ndi chipolopolo chimodzi. Sajeni anatseka pakamwa, poti chiwayacho anapereka ndi iye. Wisikesi anamukweza kukhala kopolo. Ine anandipatsa ndodo ziwiri. Mkazi wa Jalasi anamupatsa bulangete ndi nsapato za mwamuna wake.

Tsono inu anyamata amene mukupita kukalembetsa usilikali, mverani. Ilipo ntchito imene mukaigwira bwino palibe wokutamandani, chifukwa palibe chachitika: anzanu angowoloka basi. Mnzako akakusiyira msana wake, si nthawi yofuna dzina. Wombera miyala, usaleke mpaka afike.

Wisikesi anamwalira chaka chatha ndi matenda a shuga, atapuma ntchito ndi ulemu wonse. Ku maliro sindinapite.