Madzi a Kuseri kwa Khola la Nkhumba

Panali munthu wina m'tauni ina amene ntchito yake inali kuyendera ukhondo. Zaka makumi atatu anayenda ndi chipewa choyera ndi ndodo, kusuzumira m'zimbudzi, m'misika ndi m'ngalande. Paliponse ponunkha ankathirapo klorini. Atapuma ntchito sanaleke. Ngalande zonse za m'dera lake anazigonjetsa, kupatula imodzi, yochokera m'khola la nkhumba la mnansi wake. Mnansiyo anamuletsa kuponda pakhomo pake, ndipo awiriwa anatha zaka zisanu ndi chimodzi osapatsana moni.

Tsiku lina mkazi wa munthuyu anadzitema ndi khasu pamwendo. Bala linakula n'kuyamba kutuluka mafinya. Kuchipatala anam'patsa mapiritsi, koma sanathandize. Anam'baya jekeseni wa mtundu wina, kenako winanso. Mabakiteriya a m'balamo anali atazolowera mankhwala onsewo. Dokotala anati, "Tidikira masabata atatu. Pakapanda kusintha, mwendowu tidula."

Pachipatalapo panali mayi wina wogwira ntchito mu labotale. Iye anaitana mwamunayo nati, "Bambo, mabakiteriya nawonso ali ndi adani awo. Ndi tizilombo tochepetsetsa kuposa iwo, timati mafaji. Mafajiwa munthu samugwira ayi. Faji amatera pa bakiteriya, n'kulowetsa mbewu yake m'kati, n'kuswana momwemo mpaka bakiteriyayo kuphulika. Koma faji aliyense ali ndi bakiteriya wakewake. Amene ndimasunga muno ndawayesa onse, palibe wagwira. Ndikufuna madzi oipa a m'ngalande, pakuti kumene kwachuluka mabakiteriya, owadya amakhalanso komweko."

Munthuyo anadzuka pampando. "Ngalande? Mwafunsa mwini wake! Ndimazidziwa zonse!"

Madzulo anabwera ndi mabotolo asanu ndi limodzi. Mayi uja anapaka mabakiteriya a m'bala lija pa timbale tagalasi, nadonthezapo madziwo atawasefa. Anati faji woyenera akakhalamo, pambalepo paoneka timabowo toyera. Kutacha, timbale tonse tinali mbuu, popanda bowo ndi limodzi lomwe.

"Kodi m'ngalandezi mumathiramo chiyani, bambo?"

"Klorini. Loweruka lililonse, mosaphonya."

"Ndiye mwapha akuba pamodzi ndi alonda. Palibenso ina?"

Inalipo imodzi.

Anapita kunyumba, navala buluku lake losita bwino. Anatenga botolo, nayenda mpaka pa geti la mnansi uja. Pamenepo anavula chipewa.

"Odi!"

Mnansiyo anatuluka akupukuta madeya m'manja. "Aa, a bwana oyendera! Lero mwadzamanga nkhumba iti?"

"Sindinabwere ndi mlandu, achimwene. Ndadzapempha madzi."

"Akumwa?"

"A kuseri kwa khola."

Mnansiyo anaseka mpaka kugwira mpanda. "Omwe aja munkati adzatha mudzi wonse?"

"Omwewo. Amayi a kunyumba, adokotala akufuna kuwadula mwendo."

Kuseka kunathera pomwepo. Geti linatseguka. Ndipo munthu uja, amene nsapato yake sinkakhala ndi fumbi, anagwada m'matope a nkhumba, napisa dzanja m'ngalande, nadzaza botolo.

M'mawa mwake mayi wa mu labotale anathamangira kuwodi. "Bambo, tabwerani mudzaone!" Anakweza kambale poyera. Taonani! Timabowo toyera, tozungulira bwinobwino, mbale yonse waa, ngati madontho a mvula yoyamba pafumbi. Bowo lililonse linali malo amene mabakiteriya anaphulika. Munthu amene ankadzudzula aliyense wokweza mawu m'chipatala anafuula yekha, "Akudya! Akuwadya ndithu!" Anamwino anachita kumukhazika pansi.

Mayiyo sanapupulume. Anatola mafaji a pa bowo limodzi, nawachulukitsa, nawasefa, nawasefanso, nawayesa, mpaka litsiro lonse la m'khola litachoka. Panatha masiku khumi ndi awiri. Pamenepo ndi pamene anamwino anayamba kuthira mankhwalawo pabala, m'mawa ndi madzulo. Mafinya anauma. Fungo linatha. Mnofu wofiira unayamba kumera m'mbali. Dokotala anayang'ana balalo nthawi yaitali, nati, "Mpeni ubwerere m'kabati."

Mkazi wa munthu uja anatuluka m'chipatala ndi miyendo yake iwiri, akutsamira ndodo ija yoyendera ukhondo. Asanalowe m'nyumba mwake, anaima pa geti la mnansi, napereka moni.

Tsono ana anga, mundimvetse bwino. Ndisamve kuti wina wakatunga madzi a m'ngalande n'kuthira pabala. Ameneyo adzadulidwa mwendo chifukwa cha uchitsiru wake. Sambani m'manja. Mapiritsi a kuchipatala muzimaliza onse monga mwauzidwira, pakuti kumwa mankhwala mwachisawawa ndiko kumaphunzitsa mabakiteriya kulimba.

Koma tazizwani nane! Ine ndinakula ndikudziwa kuti dongosolo limakhala pamene pasesedwa. Lero ndamva kuti ngakhale m'matope a nkhumba Mlengi anaikamo dongosolo. Faji aliyense ali ndi ntchito yake, salanda ya mnzake, sagwira wosalakwa. Ndipo alonda omwewa ali m'matumbo mwanu ndi mwanga, akugwira ntchito usana ndi usiku, ife osawathokoza n'komwe. Ha! Ukulu wake!

Munthu uja ankadziwa ngalande zonse, koma yomwe inali ndi mankhwala a mkazi wake inali kuseri kwa geti limene iye analumbira kuti sadzagogodapo. Iwe amene ukundimverawe, geti lotero uli nalo, ndipo ukulidziwa. Usadikire kuti dokotala akupatse masabata atatu. Vula chipewa, upite lero.