Kankhwani ndi Kagalu Kake Mphezi

Kuno ku Bulawayo, kumene ndakhala zaka makumi anayi, m'mawa ndimaona anthu ovala makabudula akuthamanga m'mbali mwa msewu, ena akukoka tiagalu pachingwe, malilime ali lende. Kwathu ku Ntcheu kagalu sikankadziwa chingwe. Kankatsatira mbuyake m'tinjira ta kumunda, kununkhiza apa, kugona apo, mpaka miyendo itakhwima yokha. Ndikaona kagalu kakukokedwa chonchi, ndimakumbuka za Kankhwani.

Kankhwani anali wonyamula makalata, kale njinga zisanachuluke. Ankawapana pakamtengo kong'alula n'kuthamanga nawo kuchokera kuboma mpaka kumishoni. Anzake ulendowu ankayenda tsiku lathunthu, koma iye dzuwa likamafika paliwombo amakhala atafika kale. Liwiro ndilo linali chuma chake, ndipo sankabisa.

Chaka china mlamu wake adampatsa kagalu ka miyezi inayi. Kankhwani adakakonda kwambiri, n'kukatcha Mphezi kasanathe n'komwe kulumpha mzere wa m'munda. M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala adakaitana ndi likhweru kuti apite nako.

"Abambo, kameneka n'kakhanda," adatero mkazi wake Nangozo. "Tagwirani mapazi akewa, ofewa ngati bowa."

"Galu wa Kankhwani aphunzira liwiro kwa Kankhwani. Kapena mukufuna akhale wonyambita miphika?"

"Mukabwere nayetu wamoyo," adayankha Nangozo, n'kubwerera kumtondo wake.

Atangotuluka m'mudzi adapitirira a Mbalule, bambo wachikulire amene ankasenza katundu wa kumishoni komweko, akuyenda ndi ndodo yawo.

"Tsalani, madala! Ndikawauza kuti mufika mawa!"

"Pitani, achimwene. Njira siithawa."

Kankhwani adaliyatsa liwiro. Mphezi adatsatira, pakuti galu sadziwa kunena kuti ndatopa. Amangotsata amene amamkonda kufikira atagwa. Dzuwa lidakwera, nyenje zili m'kati kulira. Atawoloka mtsinje wina wouma, Kankhwani adacheuka. Kumbuyo kunali zii.

Adabwerera. Adakapeza kali thasa pamchenga, kakupuma mwabefu, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, mapazi atasupuka. Adakanyamula kupita nako pansi pa mkuyu. Adakaitana dzina, adakapepesa, koma maso ake anali atatembenuka. Munthu waliwiro uja adakhala pansi osadziwa chochita, makalata ali pambali.

Patapita nthawi kudamveka ndodo, go, go, go. A Mbalule adatula katundu wawo osanyoza ngakhale pang'ono. Adafukula mchenga wa mumtsinjemo mpaka madzi adatuluka, adanyowetsa nsalu yawo n'kuyamba kukapukuta kumimba ndi m'mapazi.

"Musakamwetse ambiri nthawi imodzi. Dontheza palilime, kenaka dikirani. Tsono inu ikani dzanja pamchengapo."

Kankhwani adaika, n'kulichotsa msanga.

"Mwaona? Inu mapazi anu adauma ngati chikumba. Mafupa a mwanayu akadali anthete. Mukawathamangitsa lero, mawa adzapindika."

Adakhala pamenepo mpaka mthunzi udatalika. Kenaka kagalu kadanyambita chala cha Kankhwani, n'kugwedeza mchira kamodzi. Kankhwani adagwetsa misozi.

"Ndipatseni makalatawo," adatero a Mbalule. "Inu bwererani naye mwanayu kwa amake."

Kankhwani adabwerera akuyenda, Mphezi atamfukata m'malaya. Atafika kunyumba, Nangozo adafunditsa madzi otsukira mabalawo. Kagalu katachira, Kankhwani adatenga tambala wake woyera n'kukagwada naye pakhomo pa a Mbalule.

Kuyambira pamenepo ankakatulutsa m'mamawa kukali chisisira, kukafika padambo n'kubwerera. Kakaima, iyenso ankaima. Kakafuna kusewera ndi ziwala, ankakasiya. Mwezi uliwonse ankawonjezako mtunda pang'ono. Zitapita mvula ziwiri, Mphezi adathamanga ulendo wonse wa kumishoni osatsalira, ndipo adauyenda ndi mbuyake zaka zisanu ndi zitatu.

Koma tsiku la tsoka lija, a Mbalule atafika kumishoni dzuwa litalowa, anthu adadabwa kuona makalata m'manja mwawo. "Nanga mwini liwiro ali kuti?" A Mbalule adapukuta thukuta n'kuyankha kuti, "Kuthamanga si kufika."

Mawuwo adafala, ndipo mpaka lero timawanena. Tanthauzo lake n'lakuti changu pachokha sichimaliza ntchito. Wopupuluma amawononga chimene akadakhala nacho nthawi yaitali, kaya ndi chiweto, mwana, kapena thupi lake lomwe. Amafika ndi amene amayenda molingana ndi mphamvu za wofooka amene ali naye paulendo.

Nkhaniyi ankaikamba bwino ndi malemu mayi a kunyumba kwanga, mpaka kutsanzira kulira kwa ndodo ya a Mbalule. Ndikuthokoza kuti ndidaimva kwa iwo. Ine maso ayamba kuchita chidima, ndiye ana inu amene muli ndi mabuku ndi zolembera, chonde ilembeni bwinobwino, ingapite nane kumanda.