Thabwa la Malemu Bambo

Chisanu chikangotha, doko lonse linkanunkha phula ndi penti. Maboti ankakokeredwa kumtunda n'kuwatembenuza, amuna akupala ndere, amayi akusoka maukonde m'makonde, wailesi ikulira pamwamba pa mgolo. Anali masiku okoma, abale inu! Koma lamulo linali limodzi: munthu asanagwire burashi, mmisiri ayambe wagogoda thabwa lililonse ndi kanyundo kake. Lamoyo limayankha kuti ngo! Lowola limangoti phu.

Msodzi wina, amene anzake ankamutcha a Chipewa poti sankavula chisoti ngakhale pakudya, anali ndi boti limene anamusiyira malemu bambo ake. Chaka china mmisiri anagogoda botilo, nagogodanso, kenako anaima pa thabwa lina la pansi.

"Achimwene, ili lapita. Tilizule."

A Chipewa anachita ngati awaponda pachilonda. Pa thabwa limenelo bambo awo ankajambulapo kamzere ndi mpeni chaka chilichonse chimene botilo latha osachita ngozi. Akatsuka boti, a Chipewa ankasisita timizereto ngati akupereka moni.

"Bambo anga sankakhoma zowola," anatero. "Nyundo yanuyo ndiyo yagontha."

"Madzi sadziwa kuti anakhoma ndani," anayankha mmisiri, akulongedza zida zake.

Kunyumba akazi awo anayesa nawonso. "Bambo a ana, zulani thabwalo mulipachike pabalaza, muziliona mpaka maso atope. Koma botilo ndilo likutidyetsa."

"Mayi, bambo ndinawaika kale kamodzi. Mukufuna ndiwaikenso?"

Pamenepo nkhani inathera. M'mawa mwake anamata phula m'ming'alu, napaka penti yobiriwira katatu konse, ndi mzere woyera m'mbali. Linakongola boti lija, tisaname. Ogulitsa nsomba ankaima n'kumaliyang'ana, ena n'kumafunsa ngati a Chipewa agula latsopano. Iwo ankangomwetulira, chifuwa chili patsogolo.

Sabata yachitatu, dzuwa lili pamutu, akubwerera ndi nsomba zodzadza, anakumana ndi funde pakhomo pa doko. Silinali funde loti n'kusimba, maboti ena analidutsa anthu akucheza. Koma pansi pa mapazi awo panamveka kuti thyo, madzi n'kuyamba kutumphuka. Anakapa ndi ndowa mpaka mikono inakana. Anzawo anawapulumutsa ndi chingwe, boti likumira pang'onopang'ono pamalo akuya, pamodzi ndi injini ndi ukonde.

Akazi awo anafika akuthamanga, nawafunditsa bulangete. Chifundo chimenecho ndicho chinawaswa mtima a Chipewa. Bambo wamkulu ndithu analira pagulu ngati mwana.

"Ndinkakana kuwaika kawiri," anatero akusisima, "lero ndawamiza ndi manja anga."

Penti inasangalatsa maso a doko lonse, koma sinabweze thabwa lomwe linali litafa kale. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.