Dua ya Ulendo wa ku Joni

Nkhaniyi ndinaimva koyamba ku Ntaja, zaka zimene ndinkayenda m'misika ndi kabokosi ka mafuta onunkhira ndi zisoti, ndisanadziwe kuti mapazi nawo amakalamba. Anandiuza ndi mkulu wina pakhonde la mzikiti, ndipo konse kumene ndayenda sinandichoke mumtima.

Kunali Che Twaibu, wogula nandolo. Chaka china anatenga nandolo wa alimi pangongole, mtengo n'kugwa, iye n'kutsala manja lende. Eni nandolo anayamba kukhalira pakhomo pake kuyambira m'mawa, ndipo wotuluka kukawapepesa anali mkazi wake, Abiti Saidi.

Tsiku lina swala, pemphero la masana, itatha, Che Twaibu anatsalira. Anapeza Shehe Jafali kuseri kwa mzikiti, atapinda mikono ya mkanjo, akutsuka okha jeneza, chonyamulira maliro chija. Analonjerana.

"A Shehe, ndabwera kudzapempha dua, mundipempherere. Ndili ndi ulendo."

"Wa kuti, Che Twaibu?"

"Wa ku Joni. Kuno zanga zatha. Angondiyesa wakufa."

A Shehe anafinya kansalu kawo. "Njinga yanu yamoto ija sindikuionanso. Mwagulitsa?"

Che Twaibu anayang'ana pansi. "Ili kwa alamu anga. Ndinaopa kuti andilanda."

"Chabwino. Tagwirani mbali iyo, tiike padzuwa."

Ananyamula jeneza awiriwiri. Che Twaibu anali atainyamulapo kambirimbiri, koma yopanda munthu anali asanaigwirepo, ndipo kupepuka kwake kunamuchititsa nthumanzi.

"Mwakhala mukubwera pamaliro athu," anatero a Shehe. "Tisananyamule mtembo timafunsa chiyani?"

"Timafunsa ngati alipo amene malemu anali naye ngongole."

"Nanga amayankha ndani?"

"M'bale amaimirira, n'kunena kuti onse abwere kwa iye."

"Ndiye inu mukuti akuyeseni wakufa. Aimirire ndani?"

M'maso mwa Che Twaibu munabwera Abiti Saidi atagwada pachipata, atakoka mpango kumaso, akupepesa amuna okwiya.

"Pamaliro m'bale amaimirira kamodzi," anapitiriza a Shehe mofatsa. "Mayi a kunyumba kwanu aja adzaimirira tsiku lililonse, popanda wowapepesa."

"Nanga nditani? Ngakhale nditagulitsa zonse, sizikwana."

"Zamalamulo ine sindinaphunzire, ndisakunamizeni. Chimene ndinamva n'chakuti munthu amatha kupita yekha kukhoti kukanena kuti walephereratu kubweza ngongole. Amaulula katundu yense ndi onse amene anawakongola. Khoti limaika munthu woyang'anira, iyeyo amagulitsa zogulitsika n'kugawira eni ngongole mwadongosolo, osati wamphamvu kuyamba kutenga. Zotsalazo akakufotokozereni odziwa. Kuboma kuli maloya othandiza anthu opanda ndalama. Yambirani kumeneko, musanasainire kalikonse kwa aliyense."

"Ndi njinga yomwe?"

"Makamaka njingayo. Mlimi wa nandolo sanakubisireni thumba."

Che Twaibu anakhala pansi pamwala. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"A Shehe, ine ndinkaswali mzere woyamba. Pa Idi ndinkapha ng'ombe. Dzina langa likatchulidwa kukhoti, anthu andiseka."

A Shehe anapukuta manja pamkanjo, nakhala naye pamwala womwewo, phewa ndi phewa monga pa swala.

"Akusekani ndithu, mwina mpaka nandolo wina atacha. Koma ine ndasambitsa anthu omwalira ambiri, m'bale wanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka kuti ayankhe funso lija yekha. Inu Mulungu wakulolani kuliyankha muli moyo. Dua ya ku Joni ndilibe. Ya kuboma ndili nayo, ndipo mawa ndikuperekezani. Mubwere ndi njingayo, mundikweze."