Kutsokomola kwa a Kabaghe

Pakhomo pa a Blackson Kabaghe ku Misuku panali nyumba ziwiri zofulatirana, ndipo pakati pake panali mzere wa nthochi wothithikana ngati mpanda. Nyumba yakumtunda inali ya mkuluyo. Yakumunsi inali ya mwana wawo Amos ndi mkazi wake Uchizi NyaKaonga, mtengwa wochokera ku Nthalire. Nthochizo sanazidzalire njala ayi. Anazidzala kuti mtengwa ndi apongozi ake aamuna asamaonane nkhope, monga ankachitira makolo a pabanjapo. A Kabaghe akamadutsa m'njira ankayamba atsokomola, ndipo Uchizi akamva chifuwacho ankapatuka, kufulatira, n'kudziphimba kumutu ndi chitenje mpaka mapazi atazimirira. Zaka zonse zimene anakhala pamudzipo, apongozi akewo ankawadziwira chifuwa basi.

Amayi a Amos akali moyo, mwambowu sunkapweteka munthu. Iwo ndiwo ankanyamula mawu kuchoka nyumba iyi kupita iyo, ndiwonso ankathowa mawondo a amuna awo nyamakazi ikawagwira. Koma mayiwo anamwalira matipati atangoyamba kumene. Nthawi yomweyo msika wa khofi unasokonekera, ndipo Amos, ngati anyamata ambiri, anayamba geni ya ku Tunduma, kumangobwera pakhomo mwa apo ndi apo. Pamudzi panatsala anthu awiri: nkhalamba yodwala miyendo, ndi munthu mmodzi yekhayo amene sankaloledwa kuiyandikira.

Nyamakazi ya a Kabaghe sinali yamasewera. Kuzizira kwa ku Misuku kumalowa m'mafupa a munthu wamoyo bwinobwino, nanji a nkhalamba. M'mawa uliwonse Uchizi ankawamva kuseri kwa nthochi akubuula, akulimbana ndi mwendo wa bedi kuti aimirire. Iye ankatereka madzi, kuwathira m'beseni, kukawasiya pakhonde, n'kuthawa. Akafika kuseri ankalankhula mokweza ndi nthochi.

“Inu nthochi, maji ghakotcha ali pakhonde. Amene akumva mawondo athowe asanazizire.”

Mkati munkamveka mawu: “Nthochi inu, mumuuze mwana wa eni kuti ndagha, ndathokoza.”

Alendo ankaseka akamva zimenezi. Uchizi sankaseka. Ankadziwa kuti pofika nthawi yoti mkuluyo akwawe kukafika pakhonde, madzi aja anali atazizira kale ngati a mumtsinje, ndipo ngakhale akanakhala otentha, msana wawo sunkapindika mokwanira kuti adzithowe okha. Masana beseni ankalipeza momwemo, abakha akusambamo.

Amos atabwera ulendo wina anawatengera bambo ake kuchipatala ku Boma. A dokotala sananame. Anati matendawa sapola, koma munthu akhoza kukhala nawo bwino ndithu: athowedwe m'mawa, wina aziwaongola miyendo pang'onopang'ono, aziyenda tsiku ndi tsiku pamalo pafulati atagwira ndodo, koma zotsika m'migula ya khofi yapamtsetse asiyire ana. Atafunsidwa ngati kunyumba kuli wowathandiza, a Kabaghe anayankha kuti, “Anthu ndili nawo.” Amos anawagulira ndodo yabwino ya mphira kunsi. Atafika nayo kunyumba mkuluyo anaitsomeka kudenga, amvekere ndodo ndi ya nkhalamba.

Chokwiyitsa n'chakuti njira inalipo, ndipo siinali kutali. Kutsidya kwa kamtsinje kunkakhala a Safeli Msukwa, mnzawo wa kuubwana, naye wanyamakazi, naye wamasiye. Iwowa ataona kuti zinthu zathina, anaitana abale ndi akuluampingo, anapha nkhuku, napatsa mtengwa wawo chitenje pamaso pa onse n'kunena kuti, “Kuyambira lero uyu ndi mwana wanga.” Zinathera pomwepo. Mtengwa wawo ankawathowa m'mawa, kuwakhazika pampando wautali padzuwa, iwo n'kumasankha khofi palichero uku akumvera wailesi. Mawondo ankawawabe, koma a Safeli ananenepa, ankaseka, ndipo Lamulungu ankafika kutchalitchi ndi ndodo yawo, ngakhale ankapeza nyimbo yoyamba itatha.

Uchizi anapita kukawagwadira. “Adada, kayankhuleni nawo anzanu. Ine mtima ukundiwawa chomene. Munthu akulira ngati mwana, ine manja ndili nawo, koma ndizingouza nthochi?”

A Safeli anabwera madzulo ake. Uchizi anakhala kuseri kwa nthochi akusenda nyemba, khutu lili tcheru.

“Mwaghona, Blackson. Miyendo ikuti uli?”

“Ikuyenda.”

“Ikuyenda kuti? Ndakuona ukutsika khonde chokhala ngati mwana wophunzira kukwawa. Mumasule NyaKaonga, akuthandize. Nkhuku ngati ulibe ndikupatsa ine.”

“Yayi! Mkamwana aone mawondo anga? Agwire thupi langa? Soni zake ndingaziike kuti? Iwe Safeli unagulitsa ulemu wako ndi madzi otentha. Ine ndidzafa ndi ulemu wanga.”

“Ulemu suongola bondo, mnzanga.”

“Nyamuka uzipita usanandiyambe.”

Uchizi anaponya nyemba m'lichero mwaukali mpaka zina zinadumphira pansi. Awa ndi a Kabaghe omwe aja amene pa riferendamu anayenda wapansi midzi yonse kuuza anthu kuti avotere nyali, kuti zakale zapita, munthu azilankhula chakukhosi. Feteleza anamulandira, mbewu zatsopano za khofi anazilandira, malata anakhoma. Zonse zosintha anazitsegulira chitseko, kupatula chimodzi chokhacho chimene chikanawapatsa tulo. Ndipo tisanamizire makolo. Makolo anaika mwambowu kuti pakhomo pakhale ulemu, osati kuti nkhalamba iziwolera m'nyumba madzi ali pakhonde. Chimene a Kabaghe ankachitcha mwambo chinali kunyada kovala jekete.

Nyengo yothyola khofi inafika ndi nkhungu yake ndi mvula yamawawa. Khofi wa a Kabaghe anapsa psuu, mitengo mpaka kuwerama. Uchizi anauza nthochi kuti munda wakumtsetse authyola yekha akamaliza wakumtunda, wina asavutike.

M'mawa wina anasenza dengu la khofi kupita kumakina opunthira, chifukwa khofi wothyola safuna kugonetsa. Njira yake inkadutsa pamwamba pa munda wakumtsetse uja. Ali pakati pa njira anamva chifuwa chija. Miyendo yake inapatuka yokha, dzanja n'kukoka chitenje, monga inazolowera. Koma ataima chofulatira, china chake chinamukayikitsa. Chifuwacho sichinachokere m'njira. Chinachokera kumunsi, m'mitengo ya khofi, ndiponso pansi penipeni ngati cha munthu wogona. Anadikira mapazi, koma mapazi sanamveke.

“Inu mitengo ya khofi,” anatero, “kuli makora kumeneko?”

Kenaka chifuwa chinabweranso, champhamvu, chaukali, chija chotanthauza kuti choka.

Uchizi anaima pang'ono, mtima ukuti tsika, mwambo ukuti pita. Anaganiza kuti mwina mkuluyo wakhala pansi akudzithandiza, ndipo kuwapeza motero kukanakhala mlandu wosatha. Anatenga njira yodzera kumtunda, napita.

Kumakina kunali mzere wautali, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka. Pakhonde la apongozi ake anapeza mbale ya mbalagha, ya nthochi zophika, imene anasiya m'mawa itagubuduzika, nkhuku zikutola nthochi zomaliza. Chitseko chinali chotsekera kunja. Dengu linagwa lokha kuchoka pamutu. Anathamanga kwa a Safeli akukuwa, ndipo amuna a mudziwo anatsikira kumunda.

Anawapeza pansi pa mgula, m'matope, mwendo utapotoka, thupi lonse likunjenjemera. Anaterereka m'mamawa ndithu, akuti ankafuna kukathyola kadengu kamodzi kuti anthu aone kuti akadali mwamuna. Buluku linang'ambika pogwa, ndipo chifukwa cha ululu anali atadziipitsira. Pamene Uchizi ankadutsa, iwo anamumva bwinobwino. Anamva ndi funso lake lomwe. Pakamwa panali pabwino, mawu analipo. Mawu amodzi okha akuti “thandize” akanawafikitsa kuchipatala m'mawa womwewo, thupi likali lofunda. Iwo anasankha kutsokomola.

“Unamumva mwanayu?” anafunsa a Safeli akuwafunditsa jekete lawo.

“Ndinamumva,” anayankha mano akugundana. “Koma akanandiona chonchi?”

Uchizi anamva yankholo ali chofulatira pamwamba pa mgula. Analira, koma misozi yake inali yaukali. Munthu uyu anamusandutsa wodutsa wovulala panjira, chinthu chimene mayi ake sanamuphunzitse, ndipo anamuchititsa zimenezo ndi ulemu wake womwe.

Anawanyamula pamachira kukwera nawo mpaka kumsewu. Kuchipatala anapeza kuti fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo kugona tsiku lonse pamvula kunawapatsa chibayo. Chibayo chinayamba chachiritsidwa, fupa likudikira. Pomwe ankatuluka, miyendo imene kale inkangowawa inali itafota, mawondo atauma chopindika. A Kabaghe anabwerera ku Misuku monga anachokera, pamachira.

Amos anakhala pakhomo masabata angapo akusamala bambo ake, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Koma pakhomo pa wodwala pamafuna sopo, mankhwala ndi chakudya, ndipo zimenezo sizimera m'nthochi. Tsiku lonyamuka anakapempha kuti amasule mkazi wake. Mkuluyo anatembenukira kukhoma, amvekere aziyitana a Safeli. A Safeli omwe aja, oyenda ndi ndodo, akanyamule munthu!

M'mawa wotsatira kubuula kunayambanso kuseri kwa nthochi, ndipo kunali koposa kale. Uchizi anatereka madzi. Atawira, sanatenge beseni. Anatenga chikwanje. Anagwetsa nthochi yoyamba, yachiwiri, mpaka pakati pa mpanda uja panatseguka njira yoti munthu adutse atanyamula katundu. Kenaka anamanga chitenje m'chiuno, mutu uli pamtunda, nanyamula beseni, sopo ndi nsalu.

“Odi!”

M'nyumba munamveka chifuwa.

“Odi, adada!”

Chifuwa chinabwerezanso, chofooka koma chamakani.

Uchizi anakankha chitseko ndi phazi. Fungo la m'chipindamo linamuuza zonse. Pabedi panagona kamunthu kochepa, kaimvi, kosiyana kutalitali ndi chimphona chimene ankachiganizira zaka zonsezi. Mkuluyo anakoka bulangete kudziphimba kumaso.

“Khosomolani mpaka mawa, adada, ine ndalowa,” anatero Uchizi. “Chifuwa chanucho ndinachimvera kumunda, taonani chimene chatipatsa. Mukanandiyitana tsiku lija bwenzi mukuyenda. Mukanamvera a Safeli bwenzi ndikungogwira mawondo okha. Mumaopa kuti ndiona bondo, nanga lero chatsala n'chiyani choti ndisaone? Ngati ndi mlandu, akuluakulu adzandilipitse. Koma munthu sawolera m'manja mwanga, yayi.”

Bulangete linagwedezeka. A Kabaghe ankalira.

Anawasambitsa, kuwasintha zofunda, n'kutsegula zenera. Kenaka anaviika nsalu m'madzi otentha naiika pabondo louma lija, akusisita pang'onopang'ono. Kubuula kunayamba kuchepa mpaka kunaleka. Patapita nthawi, bulangete linatsika lokha, ndipo anthu awiri aja anaonana nkhope koyamba.

“Nadi,” anatero mkuluyo motsitsa, “madzi otentha amachita chonchi?”

“Amachita chonchi, adada. Ankachita chonchi ndi kale lomwe, pakhonde paja.”

“Ndagha, mwana wanga.”

Denga silinagwe. Mphezi siinang'ambe. Anthu a pamudzi analankhula kwa sabata imodzi, kenaka anapeza nkhani zina. Nkhuku ija inaphedwa Amos atabwera, mochedwa ngati fosholo yobwera maliro ataikidwa.

Masiku ano Amos akakhala pakhomo, iye ndi Uchizi amawanyamula a Kabaghe kukawakhazika padzuwa. Ululu unachepa, tulo amagona, ndipo Uchizi anadabwa kupeza kuti apongozi ake ndi munthu wanthabwala. Zimenezi ndizo zimamuwawa koposa, chifukwa zonsezi akanazipeza miyendo ikadalipo. Lamulungu a Safeli amadutsa panjira, gogodo gogodo ndi ndodo yawo, kupita kutchalitchi. A Kabaghe amawatsatira ndi maso mpaka atakhota, kenaka amayang'ana kudenga la khonde kumene Amos anasamutsira ndodo ija. Mphira wake ukadali watsopano, sunagundepo dothi.

Akulu akale sananame: mbewa ya manyazi idafera kuuna.